Mafunso ndi mayankho: chimadya mapaipi a m'zitsime za mafuta ndi chani, nanga amawateteza bwanji?

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kwa anthu amene angoyamba kumene kuphunzira za mafuta ndi gasi, komanso ena ongofuna kudziwa chifukwa chake paipi yachitsulo yogulidwa ndalama zankhaninkhani imatha kubowoka isanathe ndi zaka ziwiri zomwe. Ena ayankhidwa mwachidule, ena motalika, malinga ndi mmene nkhani yake ilili.

Tubing yo ndi chani kwenikweni? Si chimodzimodzi ndi casing?

Ayi ndi zosiyana. Chitsime cha mafuta ndi mapaipi olowetsana, ina mkati mwa inzake. Casing ndi paipi yaikulu ija amaitsitsa akamaliza kuboola gawo lililonse kenako nkupopera simenti kunja kwake kuti imatirire ku mwala, imeneyo ikalowa yalowa basi, situlukanso. Tubing ndi yaing'ono ya pakati penipeni, imene mafuta, gasi ndi madzi zimadutsamo pokwera kumtunda. Zambiri zimakhala za mainchi 2 ndi 7/8, 3 ndi theka kapena 4 ndi theka, ndipo zimabwera mzidutswa za mamita pafupifupi 9 ndi theka zomangana ndi mazinga, nde chitsime cha mamita 3,000 chimadya zidutswa zoposa 300. Chakumunsi amaikako packer, chimene chimatseka mpata wa pakati pa tubing ndi casing, mpata umenewu amautcha annulus ndipo amadzazamo madzi amchere othira mankhwala.

Maganizo ake ndi oti zoipa zonse zochokera pansi zizidutsa mu tubing, poti imeneyo itha kuzulidwa nkuikamo ina, casing ikhale yosakhudzidwa. Koma dziwani kuti khoma la tubing wamba ya mainchi 2 ndi 7/8 ndi lochindikala mamilimita 5.5 okha. Kadzenje kakamakumbika mamilimita atatu pa chaka, werengani nokha.

Koma mafuta amateteza chitsulo ku dzimbiri, nde zikutheka bwanji kuti paipi yodzadza mafuta idyeke?

Funso labwino, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Mafuta sadya chitsulo. Chimadya chitsulo ndi madzi. Pansi pamene pali mafuta palinso madzi amchere, nthawi zambiri amchere kuposa a mnyanja yaikulu, ndipo amakwera limodzi ndi mafutawo. Chitsime chikakhala chatsopano madzi amakhala ochepa, timadontho tomwazikana mkati mwa mafuta, khoma la paipi limakhala lonyowa ndi mafuta nde palibe vuto. Zaka zikamapita madzi amachuluka, zitsime zakale zambiri zimatulutsa madzi opitirira 90 peresenti mafuta pang'ono chabe, apo ndiye madzi ndi amene akukhudza chitsulo usana ndi usiku.

Ku zitsime za gasi nako madzi sasowa, nthunzi ikamakwera imazizira nkusanduka madzi pakhoma la tubing chakumtunda, ndipo madzi amenewa ndi oipa mwa njira yawo chifukwa alibe zinthu zochepetsa asidi, gasi akasungunukamo amawawasa msanga.

Nde mukamva kuti chitsime chakhala zaka 10 bwinobwino kenako mwadzidzidzi chayamba kubowola tubing chaka ndi chaka, musathamangire kunena kuti chitsulo cha masiku ano ndi chachabechabe. Kawirikawiri chitsulo ndi chomwecho, chasintha ndi chitsimecho, koma anthu akuchisamalirabe ndi mapulani a tsiku limene chinatsegulidwa.

Zikufanana ndi zimene zimachitika pa mijigo yathu?

Penapake eya. Amene anaonapo mjigo ukutulutsa madzi ofiira mmawa, kapena amakaniko akuzula ndodo zodyekadyeka, waona chinthu chomwechi, madzi a asidi pang'ono kudya chitsulo chimene chili pansi pomwe palibe akuchiona. Mapampu a India Mark II okhala ndi mapaipi a galvanised amavutika kwambiri mmadzi oterowo, nchifukwa chake Afridev, imene inayambira konkuno ku Malawi mma 1980, imagwiritsa mapaipi a PVC. Kusiyana kwake nkoti mu chitsime chakuya cha mafuta mumatha kukhala kutentha kopitirira madigiri 100, presha ya mabaa mazanamazana (baa ndi muyezo wa presha) komanso magasi amene pa mjigo palibe, PVC singalimbe ndi tsiku limodzi lomwe.

CO2, carbon dioxide, imalowapo bwanji? Si mpweya umene timapuma kutulutsa womwewu?

Ndi womwewo. Payokha ikakhala youma ilibe vuto ndi chitsulo, koma ikasungunuka mmadzi imapanga asidi wofooka, carbonic acid, ndipo presha ikakhala yaikulu imasungunuka yambiri. Mainjiniya sayang'ana peresenti yokha, amachulukitsa peresentiyo ndi presha ya chitsime. Chitsanzo, chitsime cha mabaa 200 chokhala ndi CO2 ya 2 peresenti, gawo la CO2 ndi mabaa 4. Lamulo lakale la ogwira ntchito ku zitsime limati pansi pa theka la baa palibe nkhawa kwenikweni, pakati pa theka ndi mabaa awiri khalani tcheru, kupitirira mabaa awiri yembekezani mavuto. Nde 2 peresenti imene imamveka yochepa ija yadutsa kale mzere kawiri. Mu 1975 de Waard ndi Milliams a ku Shell anatulutsa masamu owerengera liwiro la kudyeka kotereku, ndipo mapulogalamu ambiri a pakompyuta amene akugwira ntchito lero anamera pa masamu amenewo.

Chovuta ndi CO2 nchoti simadya mofanana paliponse. Kukatentha kupitirira madigiri 60 chitsulo chosungunuka chija chimagwirizana ndi carbonate nkupanga kakhungu ka iron carbonate pakhoma, kamene kamateteza ndithu. Koma kakangosupuka pamalo amodzi, kaya ndi mchenga kaya ndi liwiro la madzi, pamalo pamenepo ndi pamene kudyeka konse kumathamangira, pozungulira pali bwinobwino koma apo pakukumbika dzenje la mmbali zoongoka pansi pake pafulati. Amati mesa attack. Paipi imaoneka yabwino mamita ambirimbiri kenako bowo limodzi, basi ntchito yaima.

Nanga H2S, gasi wa hydrogen sulfide, bwanji anthu amaiopa kwambiri chonchi?

Zifukwa ziwiri. Choyamba imapha munthu. Ikakhala yochepa imanunkha mazira owola, ikafika cha mma 100 ppm (magawo 100 pa miliyoni) mphuno imasiya kumva fungo lake nde munthu amaganiza kuti yatha, ikafika cha mma 1,000 ppm kupuma kamodzi kawiri munthu wagwa. Chachiwiri, imathyola chitsulo mosachenjeza.

Zimachitika motere. Chitsulo chikamadyeka mmadzi a asidi pamatuluka timaatomu ta haidrojeni. Nthawi zonse timeneti timagwirana tiwiritiwiri nkuchoka ngati gasi. Koma sulfide imalepheretsa kugwiranako, nde timaatomu tokhatokha, poti ndi tating'onoting'ono zedi, timalowa mkati mwa chitsulo chenicheni nkukaunjikana pamene pali kukokeka kwambiri. Chitsulo chimasiya kupindika, chimangong'aluka. Ndiye sulfide stress cracking imeneyo. Khoma silikhala litapyapyala ayi, mutayeza mupeza lili lonse, koma paipi yaduka pakati, ndipo zimatha kuchitika mmaola kapena masiku ochepa osati zaka.

Dziko linaphunzira izi movutika. Ku Lacq kummwera chakumadzulo kwa France, mu December 1951, anaboola nkupeza gasi wa presha yoposa mabaa 600 wokhala ndi H2S pafupifupi 15 peresenti, mapaipi oboolera anaduka, chitsime chinalusa pafupifupi miyezi iwiri mpaka anaitanitsa katswiri wozimitsa zitsime Myron Kinley kuchokera ku America. Zinatenga zaka kuti mafakitale a zitsulo a ku France apeze chitsulo chopirira gasi ameneyu, kupopa kwenikweni kunayamba mu 1957. Mungaganize kuti phunziro linamveka eti? Ku Kashagan mnyanja ya Caspian ku Kazakhstan, umodzi mwa minda ya mafuta yodula kwambiri padziko, anayamba kupopa mu September 2013, pofika October anatseka chifukwa mapaipi opita kumtunda anali akuchucha, ming'alu ya sulfide yomweyi. Anasintha mapaipi a makilomita pafupifupi 200 ndipo anayambiranso mu 2016. Amenewo sanali tubing ya mchitsime koma matenda ake ndi amodzi.

Muyezo umene aliyense amatsatira ndi NACE MR0175, umene unatuluka koyamba mu 1975 ndipo pano umatchedwanso ISO 15156. Umati gawo la presha ya H2S likafika 0.3 kPa (mabaa 0.003) chitsimecho muchitenge ngati chowawasa, kutanthauza cha H2S yokwanira kung'alula chitsulo. Mu chitsime cha mabaa 300 zimenezo ndi 10 ppm yokha. Kachinthu kochepa zedi.

Nde bwanji osangogula chitsulo cholimba kwambiri nkuthana nazo?

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Pa H2S chitsulo cholimba kwambiri ndi chimene chimang'aluka msanga. Mapaipi amenewa ali ndi magiredi a muyezo wa ku America wa API 5CT, J55, N80, L80, T95, P110, Q125, nambalayo ikutanthauza mphamvu yake mma psi masauzande, L80 ndi 80,000 psi. P110 ndi yamphamvu kuposa L80 inde, koma mukaiika chakumtunda kwa chitsime chowawasa mwaputa ngozi. L80 amaiphika mwadala kuti kuuma kwake kusapitirire 23 HRC (muyezo wa kuuma kwa chitsulo), pafupi ndi lamulo la zitsulo wamba mu NACE limene ndi 22 HRC. N80 ndi L80 mphamvu ndi imodzi koma N80 ilibe malire a kuuma amenewa, nde wogula zinthu ku ofesi akati "zonse ndi 80, tatengani yotchipayo" wapha chitsime.

China chodabwitsa, ming'alu ya sulfide imakonda kozizira, cha mma madigiri 25, kukatentha haidrojeni uja amatuluka mchitsulo mosavuta. Nchifukwa chake muyezo umalola P110 pamene kutentha sikutsika pansi pa madigiri 80, kutanthauza kunsi kwa chitsime, koma kumtunda ayi. Ndipo chitsime chikatsekedwa kumtunda kumazizira, nde paipi imatha kuduka nthawi imene sichikugwira ndi ntchito komwe.

Okosijeni amapezeka bwanji pansi pamenepo?

Sapezeka, timapititsa tokha. Mmwala wa mafuta mulibe okosijeni. Amalowa ndi madzi amene amapopera pansi kuti akankhe mafuta, kapena ndi mankhwala ochokera mthanki yosatseka bwino, kapena pa pampu imene ikuyamwa mpweya pa seal yotha. Madzi a mnyanja yaikulu amakhala ndi okosijeni pafupifupi 8 ppm, pomwe ofunika kulowa mu tubing yachitsulo wamba asapitirire 20 ppb (magawo 20 pa biliyoni), kusiyana kwake ndi ka 400. Amachotsa ndi nsanja za vacuum kapena za gasi kenako nkumalizitsa ndi bisulfite. Makina amenewa akangofooka kwa maola angapo pa sabata, palibe amaona kanthu tsiku limenelo, zimadzaoneka patatha zaka ziwiri tubing ya chitsime chopopera madzi itadzadza timaenje. Ndipo okosijeni akakumana ndi CO2 kapena H2S zimaipiratu, komanso mankhwala ambiri oteteza chitsulo sagwira bwino iye akakhalapo.

Zoti mabakiteriya amadya chitsulo ndi zoona kapena ndi nthano?

Ndi zoona, ngakhale sikuti amachiluma. Otchuka ndi aja amapuma sulfate mmalo mwa okosijeni, monga a mtundu wa Desulfovibrio, ndipo chimene amatulutsa ndi H2S. Amamanga kautelezi pakhoma la paipi, pansi pa kautelezi kameneko pamakhala dziko lakelake, asidi wambiri, mankhwala safikapo, nde pamakumbika timaenje tozungulira tosalala. Amakonda pamene madzi aima kapena akuyenda pang'onopang'ono, mu annulus, mu chitsime chimene chatsekedwa miyezi, pansi pa matope.

Choipa china, madzi a mnyanja yaikulu ali ndi sulfate wambiri, mukawapopera pansi mwawapatsa chakudya. Minda ingapo ya ku North Sea imene inayamba yopanda H2S inayamba kutulutsa H2S patatha zaka akupopera madzi otere, pomwe tubing inasankhidwa poganiza kuti H2S kulibe. Mankhwala ake ndi glutaraldehyde kapena THPS, amathira mwa apo ndi apo mochuluka, ena amathira nitrate kuti mabakiteriya a mtundu wina achuluke nkulanda chakudya cha oipawo, monga anachitira ku Gullfaks ku Norway.

Ndi malo ati pa tubing amene amayamba kubowoka?

Pa mazinga ndi pamene pamatsogola. Pa majoini wamba a API pamatsala kampata pakati pa mapaipi awiri mkati mwa coupling, cholumikizira chija, madzi akafika pamenepo amazungulirazungulira nkusupula kakhungu koteteza kaja. Majoini odula monga VAM a Vallourec amakhala osalala mkati ndipo amatseka chitsulo pa chitsulo, nchifukwa chake ku zitsime za gasi amakonda amenewo. Kenako paliponse pamene njira yachepa kapena yakhota, makamaka ngati mukubwera mchenga, mchenga umapala kakhungu, madzi amadya chitsulo chatsopanocho, kakhungu kena kamera, mchenga upalanso, ziwirizi zikagwirizana liwiro lake limaposa kuphatikiza kwa chilichonse pachokha.

Ku zitsime zopopa ndi ndodo, zija mumaona pa zithunzi za ku Texas chimutu chikugwedezeka mmwamba ndi pansi, ndodo imakhudza tubing kambirimbiri pa tsiku pamene chitsime chakhota, mpaka paipi imang'ambika mlitali. Waya wotsitsira zida nayenso amasiya mzere. Ndipo mukalumikiza zitsulo ziwiri zosiyana, tinene stainless ndi chitsulo wamba, mmadzi amchere chofookacho chimadyeka mmalo mwa chinzake pafupi ndi joiniyo.

Nanga asidi amene amathira dala mchitsime uja?

Eya, pofuna kutsegula mwala wa laimu kapena kusungunula zomata pakhoma la paipi amapopera hydrochloric acid wa 15 peresenti, nthawi zina mpaka 28. Amasakaniza ndi mankhwala oteteza amene amagwira kwa maola owerengeka, kukatentha kwambiri maolawo amachepa. Ngozi imabwera pampu ikawonongeka asidi ali mu tubing, kapena pobweza asidi wotsala, poti mankhwala oteteza aja amakhala atatsalira mmwala koma asidiyo akadali wowawasa. Ntchito ya tsiku limodzi itha kudya chitsulo chimene chikanatha zaka.

Pali zinthu zina zosayembekezeka zimene zinagwetsapo chitsime?

Nkhani ya Elgin ndi imene imaphunzitsidwa. Mu 2012 inali pulatifomu ya Total ku North Sea, makilomita pafupifupi 240 kummawa kwa Aberdeen, kumene pansi kumatentha cha mma madigiri 190 presha cha mma mabaa 1,100. Pa 25 March 2012 gasi anayamba kutuluka pa chitsime cha G4, anthu 238 anasamutsidwa, ndipo zinatenga mpaka mwezi wa May kuti atseke. Atafufuza anapeza kuti casing inang'aluka chifukwa cha kugwirizana kwa girizi wopaka pa mazinga ndi madzi a calcium bromide amene anali mu annulus, pa kutentha kumeneko. Girizi payekha analibe vuto, madziwo pawokha analibe vuto, chitsulo chinali cha giredi yoyenera. Khoti linalipiritsa kampaniyo mapaundi 1.125 miliyoni mu December 2015, zimene ndi zochepa poyerekeza ndi pafupifupi chaka chathunthu chimene munda unakhala osatulutsa kanthu.

Kwa ine nkhani imeneyi imaonetsa kuti kuyeza chitsulo chokha mu labu sikokwanira, muyeze chitsulo, girizi, madzi a annulus ndi mankhwala onse pamodzi, pa kutentha kwenikweni kwa chitsimecho.

Stainless ndiye yankho lomaliza?

Pa CO2 pafupifupi eya. 13Cr, chitsulo chokhala ndi chromium 13 peresenti, chimapanga kakhungu kakekake kopyapyala kosaoneka ndi maso kamene CO2 sikakwanitsa, mpaka cha mma madigiri 150. Zitsime zambiri za gasi za panyanja zimagwiritsa chimenechi. Koma chili ndi adani ake. Okosijeni akakumana ndi mchere chimachita timaenje msanga kuposa mmene mungaganizire, nde kuika 13Cr pa chitsime chopopera madzi osachotsedwa bwino okosijeni ndi kutaya ndalama. H2S chimangopirira yochepa, cha mma 0.1 baa. Ndipo mazinga ake amamatana nkung'ambika mukamanga mothamanga.

Kupitirira apo pali super 13Cr, duplex ya 22Cr ndi 25Cr, kenako za nickel monga 825 ndi C-276, mtengo ukukwera pa sitepe iliyonse mpaka kangapo kuposa chitsulo wamba. Ndipo zina mwa zimenezi zili ndi mng'alu wawo wa chloride, umene mosiyana ndi wa sulfide umakonda kotentha. Nde palibe chitsulo chimodzi cha zitsime zonse. Masamu ake amakhala otere, pamtunda pamene rig (makina ozulira mapaipi) yaing'ono itha kubwera nkusintha tubing mmasiku ochepa, chitsulo wamba ndi mankhwala zimakwana. Panyanja yakuya, ngati kuja ku Rovuma kumpoto kwa Mozambique kumene zitsime za Coral zili pansi pa madzi a mamita pafupifupi 2,000, kubweretsa sitima yozulira tubing ndi ndalama zochititsa mantha, bola kulipiriratu chitsulo chodula tsiku loyamba.

Mankhwala oteteza chitsulo, a inhibitor, amagwira bwanji, ndipo bwanji nthawi zina sagwira?

Ambiri ndi a mtundu wa amine kapena imidazoline. Kamolekyu kake mutu umamata pa chitsulo, mchira umakoka mafuta, nde pakhoma pamakhala kansalu ka mafuta kotchinga madzi. Amafunika ochepa, ma ppm makumi angapo, ndipo akafika pamalo pake amachepetsa kudyeka ndi 90 peresenti kapena kuposa. Amathira mwa njira zitatu, mosalekeza kudzera mkapaipi kakang'ono komangirira kunja kwa tubing mpaka pansi, kapena mwa apo ndi apo kuthira wambiri kamodzi, kapena kukankhira mmwala kuti azibwerera pang'onopang'ono ndi mafuta.

Akalephera kawirikawiri vuto si mankhwala. Thanki inauma Lachisanu palibe anaona mpaka Lolemba. Kapampu kanafa. Kapaipi kaja kanatsekeka. Mulingo anaika nthawi imene chitsime chinkatulutsa madzi 20 peresenti, pano chikutulutsa 80 koma mulingo ndi womwewo. Taonani masamu awa, ngati popanda mankhwala chitsulo chikudyeka mamilimita 5 pa chaka ndipo ndi mankhwala 0.1, mankhwala akasowa tsiku limodzi pa masiku 10 alionse, pa chaka mwataya pafupifupi mamilimita 0.6, kuwirikiza ka 6 kuposa mmene munalembera pa pepala. Nchifukwa chake mainjiniya odziwa amafunsa kaye kuti pampu imayenda masiku angati pa chaka, asanafunse dzina la mankhwala. Mitengo ya mafuta ikagwa, bajeti ya mankhwala ndi ya anthu oyendera mapampu ndi imene mabwana amayamba kudula, poti zotsatira zake zidzaoneka iwo atasamutsidwa kale.

Kupaka mkati kapena cathodic protection sizingathandize?

Kupaka pulasitiki wa epoxy kapena phenolic mkati kumathandiza, koma waya kapena chida chikakanda pamodzi, kudyeka konse kumasonkhana pamenepo. Kuvala fiberglass mkati mwa paipi yachitsulo kumalimba kwambiri makamaka ku zitsime zopopera madzi ndi CO2, malire ake ndi kutentha. Cathodic protection, njira yoteteza chitsulo ndi magetsi, imateteza kunja kwa casing kumene kwakhudzana ndi dothi ndi madzi apansi, magetsi ake safika mkati mwa tubing, nde musazisokoneze.

Amadziwa bwanji kuti paipi ikudyeka pomwe ili pansi makilomita atatu?

Njira yotchipa kwambiri ndi kuyang'ana geji ya presha ya annulus. Mpata uja suyenera kukhala ndi presha yobwerera, mukaitulutsa nkubweranso ndiye kuti penapake pabowoka, tubing, packer kapena casing. Koma apo mwachedwa kale. Kuti mudziwe msanga pali makuponi, tizidutswa ta chitsulo toyezedwa kulemera tomwe amaika mu paipi ya kumtunda kwa miyezi ingapo nkuyezanso, pali kuyeza kuchuluka kwa ayironi ndi manganese mmadzi otuluka, pali kuyeza mankhwala otsala kuti muone ngati akuzungulira, pali kuwerenga mabakiteriya. Chovuta nchoti kuponi ili kumtunda kozizira, sikuuzani zonse za pansi potentha.

Choona zenizeni ndi caliper ya zala zambiri, chida chokhala ndi zala 24, 40 kapena 60 chimene amatsitsa pa waya, pokwera zala zimakhudza khoma nkujambula dzenje lililonse. Pali zida zina za maginito ndi za ultrasonic zoyeza kuchindikala, zina zimaona mpaka casing ya kuseri. Kuyeza kamodzi kumangokuuzani mmene zilili lero, liwiro mumalidziwa mukayeza kawiri. Ndipo tubing ikazulidwa itabowoka, chidutswa chobowokacho chidulidwe chipite ku labu chisanatsukidwe, maonekedwe a dzenje ndi zomata zake ndi zimene zimanena wolakwa, zakuda zonunkha mazira mukadonthezera asidi ndi sulfide, zofiira ndi okosijeni. Ambiri amangoponya pa mulu wa zitsulo nkuika paipi ina ya mtundu womwewo.

Tubing ikabowoka chimachitika ndi chani? Mafuta amatayikira panja?

Nthawi zambiri ayi, poti casing ndi mpanda wachiwiri. Chitsime chimatsekedwa, rig ibwera, azula, asintha, imeneyo ndi workover. Vuto ndi pamene anthu azolowera kuyendetsa chitsime ndi mpanda umodzi. Ku Aliso Canyon pafupi ndi Los Angeles, chitsime cha SS-25 chinabooledwa mma 1950 ngati cha mafuta, mma 1970 anachisandutsa chosungira gasi, ndipo gasi ankadutsa mu tubing komanso mu annulus, kutanthauza kuti casing yokha ndi imene inkagwira presha. Pa 23 October 2015 anapeza kuti chikutulutsa gasi, anakwanitsa kutseka mu February 2016, methane wokwana matani pafupifupi 100,000 atapita mmwamba ndipo mabanja masauzande a ku Porter Ranch atasamuka mnyumba zawo. Lipoti la Blade Energy Partners la mu May 2019 linapeza kuti casing ya mainchi 7 inadyeka kuchokera kunja, pa kuya kwa mamita pafupifupi 270 pamene madzi apansi ankaikhudza, tizilombo tikuthandizira, komanso kuti mundawu unaonapo kuchucha kwa casing koposa ka 60 mmbuyomo popanda kufufuza chifukwa chake. Ngoziyi itachitika California inalamula kuti zitsime zosungira gasi zikhale ndi mipanda iwiri, gasi azidutsa mu tubing yokha.

Paipi ingawonongeke isanalowe ndi mchitsime momwe?

Kwambiri. Mapaipi osiyidwa pa dothi mmalo mwa pa mathandala, zotsekera mazinga zitachotsedwa, madzi amvula ataima mkati, makamaka pa yadi ya kudoko kumene mpweya ndi wamchere, amalowa mchitsime ali ndi timaenje kale ndipo timeneto ndi pamene kudyeka kumapitirizira. 13Cr ndiye yosachedwa kupsa mtima, sifuna kugundana ndi chitsulo wamba, sifuna tcheni, ndipo mano a zomangira akailuma kwambiri pamalopo pamauma nkukhala poyambira mng'alu.

Tubing yozulidwa itha kugwiranso ntchito?

Itha, ikayezedwa. Amaidutsitsa pa makina nkuipaka mkombero wa penti malinga ndi khoma limene latha, wachikasu ngati latha osapitirira 15 peresenti, wabuluu mpaka 30, wobiriwira mpaka 50, wofiira kupitirira apo. Yachikasu imabwerera mchitsime, yabuluu ndi yobiriwira mwina ku zitsime zosaya za presha yochepa, yofiira imagulitsidwa kwa omanga mipanda ndi makola a ng'ombe, ku Texas ndi Oklahoma mipanda yambiri ya mmafamu ndi tubing yakale.

Koma pali chenjezo limodzi kwa owotcherera amene angakumane ndi mapaipi otere. Zomata zoyera zolimba za mkati, makamaka za barium sulfate, nthawi zina zimakhala ndi radium yochokera mmadzi a pansi. Paipi ili chikhalire siopsa kwenikweni, koma mukaidula ndi girayinda kapena kuipala youma fumbi lake limalowa mmapapo. Iyezedwe kaye ndi mita ya radiation isanatuluke pa yadi, ndipo imene yachokera ku chitsime cha H2S zomata zake zakuda za iron sulfide zisungidwe zonyowa, chifukwa zikauma pa mpweya zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka.